Khoma likamayoyoka, shelefu iime pansi

Magolosale ambiri m'misika ali m'nyumba zakale za njerwa zootcha koma zomangidwa ndi matope. Pulasitala amabisa kufooka kwa khoma lotere. Shelefu yokhomedwa ndi misomali imakhala bwinobwino masabata angapo, kenako usiku wina imazuka. M'mawa mwini golosale amapeza mabotolo atasweka, mafuta ophikira atatayikira mu shuga, mpamba utalowa m'madzi.

Akalipentala odziwa ntchito amayamba ayesa khoma asanakhome thabwa. Amakanda ndi msomali pamzere wapakati pa njerwa. Pakayoyoka ngati ufa, pamenepo sipangagwire kanthu. Amagogodanso pulasitala, ndipo akamveka ngati ng'oma ndiye kuti analekana ndi njerwa.

Ngati njerwa zili zolimba, amaboola pakatikati pa njerwa, osati pamzere kapena m'mphepete. Amaboola pang'onopang'ono, kuchotsa fumbi m'bowo, n'kulowetsa pulagi yapulasitiki kapena kamtengo kouma kosema bwino. Sikuluwu iyenera kupyola thabwa ndi pulasitala n'kulowa m'njerwa masentimita osachepera 5. Misomali ya konkire imang'amba njerwa zakale, choncho amaipewa.

Bowo likakula mopitirira, amalinyowetsa n'kulidzaza ndi simenti muyezo umodzi posakaniza ndi mchenga miyezo itatu. Pakapita masiku 7 m'pamene amaboolanso.

Koma pomwe njerwa nazo zikufumbutuka, nzeru n'kuleka kulisenzetsa khomalo. Kalipentala amaimika matabwa ochokera pansi mpaka pamwamba, ndipo mashelefu amakhomedwa pa matabwawo. Katundu yense amalemera pansi. Ntchito ya khoma imangokhala kugwira matabwa kuti asagwere kutsogolo. Apa mabawuti ochepa amakwanira: amapyoza khoma n'kutulukira kunja, komwe amamangidwa pa kathabwa kuti asazule njerwa. Kuboola kotere kumafuna chilolezo cha mwini nyumba, kupewa milandu tsiku losamuka.

Mdani wina ndi chiswe, chomwe chimayenda m'matope a khoma osaoneka. Matabwa apakidwe mankhwala a chiswe, makamaka mbali yogunda khoma ndi kunsi, asanaimikidwe.

Kasanjidwe ka katundu nakonso n'kofunika. Belo limodzi la shuga ndi makilogalamu 20, choncho malo ake ndi pansi, pamodzi ndi zigubu za mafuta. Pamwamba pakhale machesi, mabisiketi ndi masamba a tiyi. Matabwa owonjezerawo amadya ndalama kamodzi, pomwe shelefu ikagwa imapita ndi katundu yense wa pa oda.