M'mawa umene pakamwa pa amayi panakhota

Amayi anga anadzuka Lachiwiri lina pakamwa patakhotera kumanzere. Tiyi ankatayikira pachibwano, ndipo diso lakumanja linkakana kutsinzina. Dzuwa lisanafike paliwombo, azakhali anali atatchula kale dzina la munthu amene "wawamenya mbama usiku", pomwe ine ndinali nditagamula kuti ndi sitiroko. Tonse tinaphonya, koma mantha angawo ndi amene anatifikitsa kuchipatala tsiku lomwelo.

Adokotala anayamba ndi kuwayesa mphamvu za manja ndi miyendo, zonse zinali bwino. Kenako anati, "Amayi, takwezani nsidze." Kumanzere chipumi chinachita makwinya, kumanja chinangoti see. Ine mtima unagwa, koma iwo anaoneka omasuka. Anatifotokozera kuti sitiroko ikagwira nkhope, kawirikawiri munthu amakwezabe nsidze zonse, chifukwa chipumi chimalamulidwa ndi mbali zonse ziwiri za ubongo. Chikafooka pamodzi ndi tsaya, nthawi zambiri vuto limakhala pa mtsempha umodzi wokha.

M'Chichewa timangoti mitsempha, ya magazi ndi yonyamula mauthenga yomwe, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake timasokoneza matendawa. Ya mauthengayi imatuluka iwiriiwiri, wina kumanja wina kumanzere. Mapeya 31 amachokera mumsana kupita m'manja, m'miyendo ndi m'thupi. Mapeya 12 amachokera ku ubongo weniweniwo n'kudutsa m'timabowo ta chibade. Ng'ombe, galu ndi nkhuku nazonso zili ndi 12, pomwe chule ndi nsomba amaziwerengera 10.

Wa amayi unali wa nambala 7. Umadutsa m'kanjira kopapatiza mkati mwa fupa la pakhutu, choncho ukatupa umasowa kofutukukira, n'kudzipana wokha. Ndi umene umatseka chikope, kukoka milomo, kutulutsa misozi, ndiponso kumva kukoma kutsogolo kwa lilime. Apa ndinamvetsa chifukwa chake amayi ankadandaula kuti ndiwo zasukuluka. Koma nditawatsina patsaya anamva, ndipo nsima ankatafuna, pakuti imeneyo ndi ntchito ya mtsempha wa nambala 5. Matendawa amatchedwa Bell's palsy potengera Charles Bell, dokotala wa ku Scotland amene analongosola ntchito ya mtsemphawu mu 1821. Ngakhale agalu amadwala zofanana ndi zimenezi: mlomo umalendewera mbali imodzi, diso osaphethira.

Anawapatsa mapiritsi a prednisolone, omwe amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72. Chimene adokotala anatsindika koposa chinali diso. Diso losaphethira limauma, limatha kuchita chilonda mpaka kuwonongeka. Ndiye masana tinkalidonthezera mankhwala, usiku ndinkawatseka chikope n'kumata ndi pulasitala.

Izi sizikutanthauza kuti munthu akakhota pakamwa muzimuyeza nsidze pakhomo n'kukhala pansi. Kusiyanitsa ndi ntchito ya achipatala, ndipo pa sitiroko ola lililonse ndi lofunika. Tikanatsata za mbama zija, masiku atatuwo akanathera kwa sing'anga, ndipo mayi wina wosalakwa akanasenza dzina la ufiti m'mudzi.

Sabata yachitatu amayi anayamba kuphethira pang'ono. Patatha miyezi iwiri ankamwa tiyi osanyowetsa chitenje. Azakhali mpaka lero amati womenya mbamayo anangochita mantha ataona tapita kuchipatala.