BOMA LIKAFUNA MUNDA WANU

Alimi anzathu a ku Chiradzulu, milandu ya malo si yachilendo kwa inu. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapatsa Azungu zikalata za umwini wa minda yaikulu. Anthu okhala m'minda yotere, monga wa A. L. Bruce ku Magomero, anagwa m'thangata, limene linali limodzi la madandaulo a John Chilembwe mu 1915. Sir Sidney Abrahams atalangiza mu 1946 kuti Boma ligule malo ogonera a m'mindayo, Boma linaguladi, koma ndalama zinapita kwa eni zikalata.

Lero lamulo ndi lina. Gawo 44 la Malamulo Aakulu a dziko, a 1994, limalola Boma kutenga malo a munthu pokhapokha ntchitoyo ikhale yothandiza anthu onse, monga msewu kapena sukulu. Mwini malo achenjezedwe nthawi ikadalipo, alandire chipukuta misozi choyenera, ndipo ngati sakhutira ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo la milandu. Kuletsa msewu nkovuta, koma malipiro operewera mungathe kuwatsutsa.

Tsono tikupemphani kutchera khutu pa tsiku lowerengera katundu, pakuti chimene a Boma alemba m'buku mwao tsikulo ndicho chidzalipidwa. Musatume mwana. Khalanipo inu eni, pamodzi ndi nyakwawa ndi anansi odziwa malire. Aonetseni nyumba, nkhokwe, chigafa cha fodya, chitsime, chimanga cha m'munda ndi mitengo yonse umodzi umodzi. Mango obala salingana ndi mbande ya chaka chatha, ndipo nsungwi nazo ndi chuma. Dimba la kudambo limaiwalika msanga poti lili kutali ndi khomo. Kale pa malo a makolo ankalipira kawirikawiri mbewu ndi zomangidwa zokha, koma malamulo a malo amene anakonzedwa kuyambira 2016 amawerengeranso kutayika kwa malowo ndi ndalama zosamukira.

China ndi ichi. Kuno munda umakhala wa mai ndi mbumba yake, bambo ali mkamwini. Tikuti dzina lolembedwa likhale la mwini weniweni, ndipo mwini mbumba adziwe, kuopa kuti ndalama zingadzalandiridwe ndi wina. Musadinde chala pa pepala limene sanakuwerengereni, ndipo pemphani lanu loti musunge kufikira tsiku lolandira.