Operekeza alendo ku ng'anjo za makolo

Ku Nkhamenya ntchito imayezedwa ndi mabelo. Munthu akamafotokoza za chaka chake amayambira ku nazale, kudzera m'chigafa ndi pa jeke, mpaka tsiku limene fodya wake alowa pamsika wa Chinkhoma. Ndiye mnyamata akanena kuti amaperekeza alendo kukaona zinthu zakale m'thengo, akuluakulu amamufunsa kuti nanga ntchito yeniyeni ayamba liti.

Komatu ntchitoyi ilipo, ndipo si ya munthu waulesi. M'nkhalango ya Kasungu, yomwe inakhala paki mu 1970, muli mabwinja a midzi, zojambula pamiyala ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Zinthuzi zinatsala chifukwa m'zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linasamutsa anthu m'derali poopa matenda a kaodzera. Anthu atachoka, miombo inaphimba zonse.

Amene amakafikitsa mlendo kumeneko ndi msilikali wa nkhalango wa ku nthambi yoona za nyama zakutchire, uja kumudzi timangoti wa gemu. Amanyamuka ku Lifupa m'mamawa, mfuti paphewa, maso pansi. Akaona ndowe ya njovu amaiponda ndi nsapato kuti adziwe ngati ndi ya lero, ndipo amatapa fumbi n'kuliwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera. Chiyambire 2022, pamene njovu 263 zinabweretsedwa kuchokera ku Liwonde, kusamala kumeneku si kwa chionetsero. Munthu yemweyo dzulo anali kuchotsa misampha ya waya, mawa akapirikitsa njovu m'munda mwa munthu amene akumunyoza. Kuperekeza alendo ndi kagawo chabe ka ntchito yake.

Akafika pa ng'anjo m'pamene pamaoneka kusiyana kwa operekeza. Wina amangoloza chulu cha dothi lowauka chija n'kunena kuti makolo ankapangira makasu, basi, tiyeni. Wina amagwada, n'kutola kachidutswa ka paipi ya dothi ndi chimwala chakuda cholemera, chotsalira pa kusungunula, n'kukufotokozera kuti ng'anjo yaitaliyi inkakoka yokha mpweya popanda mvukuto, kuti panali kang'anjo kena kakang'ono, chiramba, komalizira ntchito, ndiponso kuti osungunula ankasala akazi awo mpaka chitsulo chitatuluka. Akamaliza amabwezera zonse pamalo pake. Zambiri mwa izi zinalembedwa chifukwa wofufuza wina, David Killick, anacheza ndi nkhalamba za ku Kasungu m'zaka za m'ma 1980, zomwe zinaona ntchitoyi ndi maso makasu a m'sitolo asanaiphe. Nkhalambazo zinapita. Woperekeza wosamva kwa agogo ake kapena wosawerenga alibe chonena.

Ku Dedza zinthu zinapitako patsogolo. Dera la Chongoni, lokhala ndi malo 127 a zojambula pamiyala, linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo likuyang'aniridwa ndi nthambi ya boma yosunga zinthu zakale. Pa Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze anthu a m'midzi yoyandikana ndiwo amakwera ndi alendo. Luso lawo lalikulu ndi kudziwa polekezera. Zojambula zofiira za Akafula angathe kuzifotokoza momasuka, koma zoyera za Achewa zimakhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo munthu wometa sangaulule za kudambwe chifukwa choti mzungu wanyamula kamera. Amayankha mwaulemu, mozungulira, mlendo n'kukhutira. Chimene chimawapweteka mutu ndi ana asukulu olemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo.

Za malipiro n'zosachita kufunsa. Wa gemu amadikira kutha kwa mwezi ngati wantchito wa boma aliyense. Woperekeza wa kumudzi amadya za tsikulo: nyengo yachilimwe alendo akabwera aona kangachepe, mvula ikagwa misewu n'kuterera amabwerera kumunda. N'chifukwa chake ambiri sataya khasu.

Chondidabwitsa ine n'chakuti alendo a ku ng'anjo nthawi zambiri ndi ochokera kutali. Mlimi wa kwa Kaluluma kapena kwa Chulu, amene mwina agogo ake anawotcha makala a ng'anjo zomwezo, amaidziwa paki ngati kochokera njovu zodya chimanga. Kuti akaone ng'anjozo afunika galimoto, ndalama ya pachipata ndi munthu wa mfuti womutsogolera.