NSOMBA YACHILENDO IYAMBE YAGONA PADERA

Alimi anzanga a kwa Mavwere, tonsefe chitopa timachidziwa. Munthu amagula tambala pa msika, wooneka bwino ndithu. Pofika naye kunyumba amangomuponya m'khola. Pakatha sabata imodzi nkhuku zimayamba kuodzera, kenaka khola lonse psiti. Chigodola cha nkhumba nachonso chimayenda motero.

Kodi mukudziwa kuti nsomba nazonso zimadwala? Inde, zimadwala, ndipo zimapatsirana matenda monga nkhuku. Ife tili kufupi ndi malire a Zambia ndi Mozambique. Anthu ndi katundu amadutsa tsiku ndi tsiku. Tsono mlimi amene ali ndi damu la nsomba ayenera kudziwa malamulo otengera nsomba zamoyo kuchokera kwina.

ZIMENE ZINACHITIKA MU 2020

M'mwezi wa Julayi chaka cha 2020, nthawi yozizira, asodzi a m'boma lathu lino la Mchinji anayamba kuona zachilendo. Milamba ndi matemba a mu mtsinje wa Bua ndi m'mitsinje yothira m'menemo anali ndi mawanga ofiira. Nsomba zina zinali ndi zilonda zakuya, mnofu uli pamtunda. Zambiri zinafa.

Akatswiri atayeza nsombazo anapeza kuti ndi matenda a zilonda otchedwa EUS. Aka kanali koyamba matendawa kupezeka m'Malawi muno. Boma linaimitsa usodzi m'madera okhudzidwawo. Linaletsanso kugulitsa ndi kunyamula nsomba, zamoyo ndi zakufa zomwe, kuchokera m'maderawo.

Taganizani mmene zinthu zinavutira. Msodzi anakoleka ukonde wake. Mayi wogulitsa matemba pa msika anasowa malonda. Ndiwo zinachepa pakhomo. Pambuyo pake matendawo anaonekanso m'maboma ena, monga Lilongwe, Dowa ndi Kasungu.

MATENDAWA NDI OTANI?

Matenda a zilondawa amayamba ndi nkhungu ya m'madzi. Ndi yaing'ono kwambiri, yosaoneka ndi maso. Imalowa m'thupi la nsomba pamene khungu lakalika, ndipo imadya mnofu mpaka chilonda chikule. Imavuta kwambiri madzi akazizira, ndiponso ikagwa mvula yamphamvu. Mankhwala ochiza nsomba za mu mtsinje palibe.

Matendawa ayenda ulendo wautali. Anaoneka koyamba ku Japan m'chaka cha 1971. Chaka chotsatira anaoneka ku Australia. Kenaka anafalikira m'maiko ambiri a ku Asia. Mu Africa anafika cha m'ma 2006, m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, kumene Zambia imachita malire ndi Botswana ndi Namibia.

Nanga nkhungu yopanda miyendo imayenda bwanji? Njira yaikulu ndi nsomba zamoyo zimene anthu amanyamula. Njira ina ndi madzi, makamaka akasefukira. Njira yachitatu ndi ukonde, mono ndi ndowa zimene zalowa m'madzi a matenda. Madzi osefukira sitingawaletse ai. Koma nsomba ndi ukonde zimayenda m'manja mwathu. Apa ndi pamene tingachitepo kanthu.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuyang'anira nsomba. Malamulo a dziko lathu salola munthu kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno popanda chilolezo. Salolanso kuthira m'madzi athu mtundu wa nsomba umene si wa kuno popanda chilolezo. Chilolezocho chimachokera ku Nthambi ya Boma yoona za nsomba.

Tiyerekeze kuti mbale wanu wa ku Chipata wakuuzani kuti: "Achimwene, kuno kuli mbewu ya nsomba yokula msanga, ndipo ndi yotsika mtengo. Bwerani ndi chigubu, tidzadutsa njira ya kutchire." Mungamuyankhe bwanji?

Muuzeni kuti mukayamba mwaonana ndi alangizi a za nsomba. Tiana ta nsomba m'chigubu timaoneka tabwinobwino. Koma maso sangathe kuona matenda amene angoyamba kumene. Chifukwa chake nsomba zochokera kunja zimafunika kalata ya dokotala wa ziweto wa dziko limene zachokera, yonena kuti zayezedwa. Zimayenera kudzera pa chipata chovomerezeka, monga cha Mchinji, kuti akuluakulu aone makalatawo. Zikalowa, zimayamba zasungidwa pazokha.

Malamulo otere ali m'maiko ambiri. Ngakhale maiko a kunyanja ya mchere, amene amaweta nkhanu, nkhono ndi nyama zina za m'madzi, amachita chimodzimodzi. Chamoyo chilichonse cha m'madzi chikhoza kubwera ndi matenda.

CHIFUKWA CHINA CHA LAMULOLI

Kuonjezera pa matenda, pali vuto lina. Nsomba yachilendo, ngakhale ikhale yosadwala, ikhoza kuononga nsomba zathu. Damu limasefukira m'dzinja, nsomba nkuthawira mu mtsinje. Mtsinje wa Bua umayambira kuno ku Mchinji, ndipo umakathira m'Nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Mu mtsinje womwewu ndi mmene mpasa zimakwera kudzaswana. Choncho nsomba yothawa m'damu la kuno ikhoza kukafika kunyanja.

Anzathu a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anaziona zimenezi. Cha m'ma 1950 anthu anathira m'Nyanja ya Victoria nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch. Nsombayi imadya zinzake. Pofika m'ma 1980 inali itachuluka kwambiri, ndipo mitundu yambiri ya nsomba zazing'ono za m'nyanjayo inatha. Nsomba ikalowa m'nyanja, palibe amene angaitulutsenso.

Kwathu kuno, nsomba yotchedwa carp inabwera kuchokera ku Israel m'chaka cha 1976. Inkakula bwino m'madamu, ndipo alimi anaikonda. Koma mu 1992 Boma linailetsa. Carp imafukula matope pansi pa madzi pofuna chakudya, pamene chambo chimakumba zisa zake pansi pomwepo. Boma linaopa kuti ikathawira kunyanja ingasokoneze chambo.

Mbewu yoyenera m'madamu athu ndi ya nsomba za kuno, monga makumba, chilunguni ndi milamba. Funsani alangizi kuti akuuzeni kumene mungapeze mbewu yabwino. Boma lili ndi malo a kafukufuku ndi oswetsera nsomba ku Domasi, m'boma la Zomba. Palinso alimi ena amene anaphunzitsidwa kuswetsa mbewu.

KUBINDIKIRITSA NSOMBA

Mwana akabadwa, iye ndi mayi wake amayamba akhala m'chikuta. Satuluka tsiku lomwelo ai. Nsomba zatsopano nazonso ziyambe zabindikira. Chitani zimenezi ngakhale mbewuyo yachokera m'mudzi woyandikana nawo.

1. Kumbani kadamu kakang'ono padera. Kakhale kumunsi kwa madamu enawo, kuti madzi ake asalowe m'damu lalikulu. Madziwo asathirenso mu mtsinje.

2. Ikani nsomba zatsopano m'kadamuko. Madzi amene zabwera nawo musathire m'damu. Athireni pa nthaka youma, kutali ndi ngalande.

3. Kadamuko kakhale ndi ndowa yakeyake ndi ukonde wakewake. Mukatha ntchito, tsukani zipangizo ndi kuziyanika pa dzuwa mpaka ziume gwa.

4. Podyetsa, yambani ndi damu lalikulu, kadamu ka alendo kakhale komalizira. Mukatha sambani m'manja ndi m'miyendo.

5. Ziyang'aneni m'mawa ndi madzulo. Kodi zikudya gaga? Kodi zikusambira bwino, kapena zikungoyandama pamwamba mofooka? Kodi pali mawanga ofiira? Popeza tsopano mumatha kulemba, lembani m'kope tsiku limene nsomba zafika, kumene zachokera, ndi chiwerengero cha zimene zafa.

6. Dikirani masabata 3 kapena 4, kaya monga alangizi angakuuzeni. Ngati zonse zili bwino, zisamutsireni m'damu lalikulu.

Wina anganene kuti: "Aaa, mwezi wathunthu? Kumeneko nkutaya nthawi." Koma tawerengerani. Nsomba m'kadamuko zikudya ndi kukula ndithu, palibe chimene mwataya. Ngati zili ndi matenda, mutaya tiana ta m'kadamu tokha. Mukazithira m'damu lalikulu tsiku lomwelo, mukhoza kutaya nsomba zonse, gaga yense amene munadyetsa, ndi thukuta lanu la chaka. Paja akulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

MUKAONA NSOMBA YA ZILONDA

Choyamba, kauzeni alangizi a za nsomba kapena a za ziweto msanga. Dziwitsaninso a mfumu ndi alimi anzanu a m'kalabu. Kubisa kumangothandiza matenda.

Chachiwiri, vuulani nsomba zakufa ndi zodwala. Zikwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, kapena zitentheni. Musataye mu mtsinje, ndiponso musapatse agalu kapena nkhumba.

Chachitatu, tsekani ngalande kuti madzi a m'damulo asatuluke. Musagulitse nsomba za m'damulo, ndipo ukonde wanu musabwereketse.

Nkhungu imeneyi siyambitsa matenda mwa anthu. Komabe nsomba ya zilonda musadye, chifukwa pa chilonda pamakhala tizilombo tina timene tingakudwalitseni m'mimba.

Pomaliza, alangizi akavomereza, umitsani damu mpaka matope ang'ambike ndi dzuwa. Wazanimo laimu musanathiremo madzi ena. Muyeso wa laimu akuuzani ndi alangizi, malinga ndi kukula kwa damu lanu.

Alimi anzanga, damu ndi lanu, koma madzi ndi a tonse. Amene ali kumtunda akalakwitsa, wa kumunsi ndiye amalira. Musanagule mbewu ya nsomba funsani alangizi, pakuti safunsa anadya phula.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Kodi matenda a zilonda anaoneka liti m'boma la Mchinji? Anagwira nsomba ziti?

2. Tchulani njira zitatu zimene matendawa amayendera.

3. Chifukwa chiyani Boma linaletsa carp m'chaka cha 1992?

4. Kodi m'mudzi mwanu anthu amabwerekana ukonde? Mungagwirizane zotani kuti ukondewo usafalitse matenda?

5. Lembani kalata yaifupi kwa alangizi, yowauza kuti mwaona nsomba ya zilonda m'damu lanu.