Ukafuna kukhala Lulu, yamba wagwira gitala

Mphwanga wa Fomu 3 wandisowetsa tulo. Tsiku la msika pa Lobi anandikokera kuseri kwa matumba a mbatatesi nkundinong'oneza kuti sukulu yamukwana, akufuna kukhala woyimba R&B. Akuti tigulitse matumba a mayi, iye akajambulitse nyimbo ku Lilongwe.

"Achimwene, Lulu uja anayamba bwanji? Si mawu basi?" anatero mnyamatayo.

Funso limeneli ndi lomwe landipatsa cholembera, poti anyamata oganiza chonchi ndi ambiri kuno kwa Kachere.

Lulu, dzina lake lenileni Lawrence Khwisa, ndi mmodzi mwa akatswiri omwe anachititsa kuti R&B imveke m'Chichewa osachita manyazi. Chamba chimenechi chinachokera kwa anthu akuda a ku America, ndipo kuno chinafala kwambiri MBC itatsegula Radio 2 mu 1997 ndiponso TVM itayamba mu 1999. Anyamata ambiri ankangotsanzira Chizungu cha m'mphuno. Lulu, yemwe anayambira kuyimba ku tchalitchi, anatenga njira ina. Zimbale zake monga Mbambande, Kumalembe ndi Sindilora zinafika mpaka kumidzi chifukwa ngakhale agogo ankamva zomwe akunena.

Koma abale, chomwe mphwangayu sakuchiona ndi ichi: mkuluyu si wa mawu okha. Amakhwatcha gitala, amapeka yekha nyimbo, amadziwa kujambula mu situdiyo, ndiponso anakhazikitsa gulu lake la Mathumela Band. Zimenezi sizibwera ndi thumba limodzi la mbatatesi ayi. Ndi zaka zambiri zotupa zala.

Nanga nchifukwa chiyani bandi ili yofunika chotere? Kale woyimba ankapita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti nkumagulidwa dziko lonse. Msika umenewo unaphedwa ndi anthu okopera nyimbo mwakuba. Lero pitani pa Thete kapena pa Lobi pompano, mupeza mnyamata ali pa kompyuta akuthira nyimbo mazanamazana mu memori khadi pa mtengo wosakwana ndi wa mbale ya chipisi. Nthawi zambiri mwini nyimbo salandirapo olo tambala. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama za oyimba, ndipo lamulo latsopano loteteza luso linabwera mu 2016, koma woyimba yemwe nyimbo yake sikumveka pa wailesi asayembekezere zambiri kumeneko.

Ndiye chatsala nchiyani? Dansi. Woyimba wa ku Malawi amadya thukuta la pa siteji. Malemu Lucius Banda, omwe anatisiya mu 2024, anakhala pamwamba zaka 30 chifukwa choyendayenda ndi Zembani Band m'maboma onse. Amene amangodalira kompyuta kuti imukonzere mawu, tsiku loyimba pamaso pa anthu amagwidwa ngati mbewa.

Mphwangayo ndamuyankha mosapsatira. Mbatatesi za mayi ndi za fizi ndi feteleza, sitigulitsa. Kwaya ya ku tchalitchi kwathu ili ndi gitala yomwe imangogona fumbi pakati pa sabata, ndipo ndakamupemphera kwa akulu a mpingo. Akalemba mayeso a Fomu 4, nkutha kuyimba nyimbo zitatu zakezake popanda magetsi, ndalama ya minibasi ya ku Lilongwe ndidzalipira ndine.

Sanandiyankhe. Koma dzulo madzulo ndinamumva kuseri kwa khola akulimbana ndi nsambo, ndipo imodzi waidula kale.