CUMA CA M'MATOPE A NYANJA YA CHILWA

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi

Inu alimi a kwa Chiwalo, mudziwa kuti madzi a Nyanja ya Chilwa akaphwera amasiya matope akuda bii, ndipo mpunga kapena cimanga cobzalidwa pamenepo cimakondwa popanda feteleza. Koma ambiri mwaonanso kuti munda womwewo ukalimidwa zaka zingapo, dothi limayamba kutuwa ndipo zokolola zimacepa. Tiyeni tione cuma cimene ciri m'matopewo, ndi njira imene cimathawira.

Kodi m'matope muli ciani?

Nyanja ya Chilwa iribe mtsinje woturukamo. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi imathiramo madzi pamodzi ndi dothi la kumtunda, ndipo zonsezo zimatsala momwemo. Caka ndi caka njedza ndi maudzu a m'dambo zimafa ndi kumira. M'zomera zakufazi muli cinthu cimene akatswiri amacicha kaboni. Musaope dzinali, pakuti makala amene muphikira ndiwo kaboni ndithu. Dothi lokhala ndi zobvunda zambiri zotere limada, limasunga cinyezi, ndiponso limagwira cakudya ca mbeu kuti cisapite ndi madzi.

Anchito osaoneka ndi maso

M'dothi lodzaza supuni imodzi muli tizirombo mamiliyoni ambiri tosaoneka ndi maso. Musaganize kuti tonse n'tamatenda. Mitundu yace njambiri, ndipo uli wonse uli ndi nchito yace. Tina timaoletsa mapesi, tina timakhala m'timaphundu ta pa mizu ya nandolo ndi mtedza, kumene timatenga cakudya ca mbeu mumpweya.

Pansi pa madzi mpweya sufika bwino, cotero kuoletsa kumacedwa ndipo zomera zakufa zimaunjikana. Tizirombo tina ta kumeneko timaturutsa mpweya woyaka moto wochedwa methane, umene umapezeka m'thobvu lija limabwera pamwamba msodzi akabaya matope ndi nsungwi yokankhira bwato.

Koma madzi akacoka, monga zinacitika pamene nyanja inauma mu 1968 ndi 1995, ndi kuphwera kwambiri mu 2018, mpweya umalowa m'matope. Pamenepo tizirombo tina timadzuka ndi kudya msanga zimene zinasungika zaka zambiri. Cakudya cimene timamasula ndico cimakupatsani zokolola zabwino caka coyamba. Koma kaboni amasanduka mpweya nauluka. Khasu likatembenuza dothi kawirikawiri amauluka msanga, ndipo moto umamaliza tsiku limodzi cimene tizirombo tikadadya pang'onopang'ono. Munthu wotero akunga wotapa m'nkhokwe osabwezeramo.

Zofanana ku maiko ozizira

Zimenezi sizicitika kwathu kokha. Kutali kumpoto kwa dziko lapansi, ku Siberia, Alaska ndi Canada, kuli dothi limene lakhala loundana gwa ndi kuzizira kwa zaka zikwi zambiri. Nchito imene madzi amagwira kuno, kumeneko imagwiridwa ndi cisanu: cimasunga zomera zakufa kuti zisaole. Akatswiri apeza kuti kaboni wosungika m'dothi limenelo acuruka pafupifupi kawiri kuposa amene ali m'mlengalenga monse.

Tsono popeza dziko liri kutentha, dothilo layamba kusungunuka. Pamene lasungunuka pamatitimira ndi kusanduka maiwe. M'matope a pansi pa maiwewo tizirombo tadzuka, ndipo methane amaturuka wambiri, kotero kuti munthu akaboola madzi oundana a pamwamba ndi kuyatsa macesi, lawi limabuka. Mpweya umenewu ndi uja wa kaboni umafunda dziko ngati bulangeti, ndi kuonjezera kutentha. Dziko likatentha, cilala cimakula ndipo mvula yamkuntho imalimba. Inu amene munaona madzi a namondwe Freddy mu Marichi 2023 simufunika kuuzidwa za kuopsya kwace.

Zoyenera kucita

Ife sitingaundanitsenso dothi la ku Siberia, koma la m'minda yathu liri m'manja mwathu.

1. Musatenthe mapesi, udzu wa mpunga kapena zinyalala za nandolo. Zifotsereni m'mizere, kapena ziyaleni pamwamba kuti ziphimbe dothi.

2. Musatenthe njedza pofuna malo olima. Ndiyo imapanga matope acondewo, ndipo matemba ndi milamba imabisalamo ndi kuswanamo. Kumbukirani kuti nyanjayi inalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse.

3. Pangani manyowa a kompositi ndi a m'khola, muwathire caka ndi caka. Ndico cakudya ca anchito anu osaoneka aja.

4. Sinthanitsani cimanga ndi nandolo, mtedza kapena khobwe. Mbeu zosiyanasiyana zimasunga tizirombo ta mitundu yosiyanasiyana.

5. Siyani udzu ndi mitengo m'mphepete mwa mitsinje, ndipo musalime mpaka kugombe.

Timati cuma ciri m'nthaka. N'zoona, koma cimatha ngati sitibwezeramo. Pitani kwa mlangizi wa m'dera lanu mvula isanayambe, akakusonyezeni kapangidwe ka kompositi, ndipo mukauzeko anzanu a m'mudzi.