Feteleza Yekha Sangachiritse Nthaka Yowawasa

Feteleza wambiri amene mlimi amasenza kuchokera kudepoti ndi mchere, ngakhale kuti si wothira m'ndiwo. Sulphate of ammonia amapangidwa posakaniza asidi wa sulphuric ndi ammonia. Ziwirizi zikakumana zimathetsana ukali, n'kutsala mchere woyera. Mcherewu ukalowa m'nthaka, tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa ammonia uja kukhala nitrate, ndipo potero asidi amabadwanso. Urea naye amatero, ngakhale mocheperapo. Chaka ndi chaka munda umanka nuwawasa, makamaka kumadera a mvula yambiri ngati Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, komwe madzi amakokolola calcium n'kupita naye pansi.

Asidi amadya chitsulo, ndipo m'munda amachita zomwezo. Muyeso wa asidi wotchedwa pH ukatsika pansi pa 5.5, asidi amasungunula aluminium wa m'dothi, yemwe amapha nsonga za mizu ya chimanga. Mukazula phesi lotere mupeza mizu yaifupi, yonenepa, yosafika pa chinyezi. Aluminium yemweyo pamodzi ndi iron amagwira phosphorus wa mu NPK n'kupanga mchere wosasungunuka, umene mbewu singamwe. Mlimi walipira thumba lathunthu, chimanga chadyako gawo chabe. Tiyi ndi imodzi mwa mbewu zochepa zimene zimakondwa ndi nthaka yotere.

Mankhwala ake ndi laimu, mwala wa calcium carbonate wogayidwa. Akakumana ndi asidi pamatuluka madzi, mpweya wa carbon dioxide ndi mchere wa calcium, ndipo aluminium uja amaumanso n'kuleka kuvutitsa mizu. Mwalawu tili nawo kumapiri a Chenkumbi ku Balaka, komabe kuyambira 2005 ndondomeko za zipangizo zaulimi zotsika mtengo zakhala zikutsamira pa feteleza ndi mbewu. Ena amati laimu ndi wolemera, wokwera mtengo ponyamula, ndipo hekitala imodzi imatha kufuna tani kapena kuposerapo. N'zoona, koma laimu sathiridwa chaka chilichonse. Mphamvu yake imakhala m'nthaka zaka zingapo. Ena amati phulusa ndi manyowa n'zokwanira. Phulusa limathetsadi asidi, n'chifukwa chake chidulo chimafewetsa ndiwo, koma la pamafuwa a banja limodzi silingakwane munda wonse.

Si munda uliwonse ufuna laimu, ndipo akachuluka amaononga. Boma liyambe ndi kuyeza dothi kudzera mwa alangizi ndi malo ofufuzira monga Chitedze ndi Bvumbwe, ndipo komwe nthaka yapezeka yowawasa, laimu afike kwa mlimi feteleza asanafike.